Ligi yachiwiri ya ku Thailand ndi za aneba ake: amene akuisamala ndi amene anaitaya

Mukafuna kudziwa ngati mpira wa dziko uli ndi moyo musamayang'ane timu imene ikutenga chikho chaka ndi chaka, yang'anani pansi, ku ligi yachiwiri kuja kumene kulibe makamera ambiri. Ku Southeast Asia nkhani imeneyi imaoneka bwino kwambiri chifukwa maiko oyandikana, a nyengo imodzi, okonda mpira mofanana, anasankha njira zosiyana kotheratu. Ine apa ndikutenga sizoni ya 2024/25 ya Thai League 2 ndi kuiika pambali pa zimene zimachitika ku Malaysia, Vietnam, ndi pang'ono ku Laos, Cambodia ndi Myanmar nthawi yomweyo.

Thai League 2 imakhala ndi matimu 18, aliyense amakumana ndi mnzake kawiri, pakwawo ndi koyenda. Awiri apamwamba amakwera okha ku Thai League 1, amene athera pa nambala 3 mpaka 6 amakalimbirana malo amodzi otsala mu playoff, ndipo atatu a kumchira amatsikira ku Thai League 3 imene ili m'zigawozigawo. Kale sizoni imayamba kumayambiriro a chaka nkutha chaka chomwecho, koma Covid itasokoneza zinthu mu 2020 anasintha, pano amayamba cha mu Ogasiti mvula idakali mkati nkukamaliza cha mu Epulo kapena Meyi dzuwa likuswa mtengo, nchifukwa chake magemu ambiri amamenyedwa madzulo magetsi atayaka.

Ndiye tamvani za Chonburi. Iyi si timu ya masewera ayi, ndi imene inatenga ligi yaikulu mu 2007, yoyamba ya kunja kwa Bangkok kuchita zimenezo, masapota ake amaitcha Sharks, akademi yake yatulutsa anyamata ambiri a timu ya dziko. Mu 2023/24 inatuluka mu ligi yaikulu pamodzi ndi Police Tero ndi Trat. Panalibe zoti aaa iyi ndi timu ya mbiri tiyeni tiwonjezere matimu kuti itsale, inatsika basi, nkuyamba kukwera mabasi opita ku Phrae, ku Chainat, ku Lampang, kumakamenya pa mabwalo a m'maboma oti mpanda wake uli pafupi ndi mzere. Sizoni ya 2024/25 inatha Chonburi ili pamwamba, Ayutthaya United yachiwiri, Kanchanaburi Power nkudutsira ku playoff. Chaka cham'mbuyo mwake zinali chimodzimodzi ndi Nakhon Ratchasima, timu ya mzinda waukulu wa Korat, inatsika nkubwerera ili akatswiri. Ndipo chitsanzo chimene a Thai amachikonda ndi cha Bangkok Glass, inatuluka mu 2018, inasintha dzina kukhala BG Pathum United, inatenga ligi yachiwiri mu 2019, sizoni yotsatira ya 2020/21 nkutenga ligi yaikulu yeniyeniyo. Kutsika kunawakonza anthu amenewa.

Chimene chimandisangalatsa ine ndi mndandanda wa amene atenga chikho cha ligi imeneyi zaka zapitazi: Nongbua Pitchaya, Lamphun Warriors, Nakhon Pathom United, Nakhon Ratchasima, Chonburi. Palibe wabwereza. Nong Bua Lamphu ndi dera laling'ono la ku Isan, kumpoto chakum'mawa kumene anthu ambiri ndi alimi a mpunga ndi nzimbe, Lamphun ndi kadera kena koyandikana ndi Chiang Mai, koma onsewa analawako ligi yaikulu, Buriram United ndi Bangkok United zinabwera kudzamenya pakhomo pawo. Mwana wa ku mudzi woteroyo akamaona zimenezi amadziwa kuti njira ilipo.

Tsopano dumphani malire kupita kummwera, ku Malaysia. Kumeneko anali nayo ligi yachiwiri, Malaysia Premier League, koma sizoni ya 2022 itatha anaitseka. Maganizo ake anali oti matimu onse okhala ndi layisensi alowe mu Super League imodzi, pasakhale zotsika kwa kanthawi, matimu akhazikike pa zachuma. Pansi pake panatsala ligi ya anyamata a risevu ndi ina imene pano amaitcha A1 Semi-Pro, dzina lokhalo likukuuzani kuti si ya maprofeshonolo enieni. Zotsatira zake? Mu 2024/25 Super League inali ndi matimu 13, Johor Darul Ta'zim inatenga chikho ka nambala 11 motsatizana kuyambira 2014, mwini wake ndi Tunku Ismail, mwana wa mfumu ya ku Johor, thumba lake palibe angalifike. Ndiye pamwamba mpikisano palibe, pansi mantha otuluka palibe, gemu ya timu ya nambala 9 ndi ya nambala 11 mwezi womaliza ikumenyedwera chani? Ngakhale chikho chomaliza cha Premier League ija mu 2022 anatenga ndi timu yachiwiri ya Johor yomweyo, imene sikanaloledwa nkomwe kukwera.

Ndipo kukhazikika kumene ankakufunako sikunabwere. Matimu sakutuluka chifukwa cha mapointi, akutuluka chifukwa cha ngongole za malipiro ndi layisensi. Chomvetsa chisoni nchoti amene avutika kwambiri ndi a m'malire ndi Thailand momwemo. Kelantan, imene inatenga ligi mu 2011 ndi 2012, inachotsedwa sizoni ya 2023 itatha, nkhani yake osewera kusalipidwa. Kedah, imene inasesa zikho zonse zitatu mu 2007 ndi 2008, pamodzi ndi Perak, sanaoneke mu Super League ya 2025/26. Ku Thailand timu ikadwala ili ndi pogwera, imatsika sitepe imodzi, bajeti nkuchepa, nkupuma. Ku Malaysia ikadwala imagwa kuchokera padenga mpaka pansi.

Vietnam sinagundane malire ndi Thailand, pakati pali Laos ndi Cambodia, koma pa mpira ndi amene ali mdani weniweni ndiye sitingamusiye. Iwo ligi yachiwiri ali nayo, V.League 2, vuto nloti ndi yowonda. Pamwamba pali matimu 14, pansi mu 2024/25 panali 11 okha, ndiye kuti ligi yaikulu ndi yotakata kuposa imene ikuyenera kuidyetsa, ndipo pafupifupi chaka chilichonse pamamveka timu yoti yakana kulowa kapena yatha ndalama zitasowa. Timu inamenya magemu 20 okha sizoni yonse, pamene kwa a Thai ligi ikadzaza ndi 34. Mnyamata wa zaka 19 amene akufuna kukhwima, magemu 14 amenewo pa chaka si nkhani yaing'ono.

Koma sizoni yomweyo ku Vietnam kunachitika zodabwitsa. Ninh Binh, ili mu ligi yachiwiri, inagula Nguyen Hoang Duc, mnyamata woti panthawiyo anali atatenga kale mphoto ya wosewera wopambana m'dzikomo kawiri, nkugulanso goloboyi wa timu ya dziko Dang Van Lam, uja anagwirapo ku Muangthong United ku Thailand konko. Binh Phuoc nayo inatenga Nguyen Cong Phuong atabwerako ku Japan. Ninh Binh inadutsa sizoni yonse osagonja ndi gemu imodzi yomwe, Binh Phuoc inathera yachiwiri nkukagonja ndi Da Nang ya mu ligi yaikulu mu playoff. Zinali zokoma kuonera, anthu anadzaza mabwalo, koma kunena zoona imeneyo si ligi yamphamvu, ndi mabwana awiri olemera amene anaganiza zogula njira yopita kumwamba pamene matimu ena 9 akungoperekeza.

Pali chinthu chimodzi chimene a Vietnam amachita mosiyana ndipo pamenepa sindingawaseke. Sizoni imeneyi ligi yawo yachiwiri sinkalola osewera akunja, kupatula amene ali ndi magazi a chi Vietnam. Ku Thailand malo a akunja alipo, ndipo matimu ambiri amathamangira kugula straika wa ku Brazil, wamtali, wamphamvu, mipira yonse nkumangoponyera iyeyo. Mukayang'ana omwetsa zigoli zambiri mupeza maina a chi Brazil ali mbwee pamwamba, mnyamata wa chi Thai wa kutsogolo akukhala pa benchi kapena kumutumiza ku wing. Ndiye musadabwe kuti dandaulo la masapota a timu ya dziko la Thailand ndi lomwe lija, tilibe nambala 9 wina pambuyo pa Teerasil Dangda, straika wawo wotchuka. Ndipo mu Januwale 2025, sizoni yomweyi ili pakati, Vietnam inamenya Thailand mu fainolo ya chikho cha ASEAN, cha maiko a ku Southeast Asia, 5-3 magemu awiri onse pamodzi. Thailand yatenga chikho chimenechi ka 7, kuposa wina aliyense, koma tsiku limenelo ligi yonenepa sinawathandize. Amene amati ligi yachiwiri yabwino imabweretsa zikho ku timu ya dziko mwachangu aganizenso.

Za Laos, Cambodia ndi Myanmar ndidutsa mwachangu chifukwa kumeneko ngakhale ligi yaikulu ikulimbana ndi moyo. Cambodia ikuyesetsa, Phnom Penh Crown ndi Svay Rieng ndi matimu oyendetsedwa bwino, anayambitsanso ligi yachiwiri mu 2022 koma idakali yaing'ono. Myanmar asilikali atalanda boma mu 2021 mpira unaima, utabwerera Shan United imangosesa. Laos inaipitsidwa ndi zogulitsa magemu, mu 2017 AFC, bungwe la mpira la ku Asia, inaletsa anthu 22 a ku Laos ndi Cambodia moyo wawo wonse. Kwa wosewera wabwino wa maiko amenewa, ligi yachiwiri ya ku Thailand ndiyo Ulaya wake wapafupi, makamaka poti malamulo a ligi za ku Thailand akhala akusungira malo osewera a m'chigawo cha ASEAN. Maung Maung Lwin wa ku Myanmar analowa Lamphun Warriors idakali pansi nkukwera nayo mu 2022. Soukaphone Vongchiengkham wa ku Laos watha zaka zambiri akuzungulira matimu a ku Thailand. Sindinamvepo mtsinje ukuyenda chobwerera pa nkhani imeneyi, anthu amapita kumene kuli malipiro.

Komatu musaganize kuti ku Thailand zonse ndi uchi. Matimu ambiri a m'maboma amaima pa banja limodzi la ndale. Chonburi ndi banja la Khunpluem, Suphanburi inali m'manja mwa a Silpa-archa, Uthai Thani ndi a Thaiseth, ndipo mkulu wa onse ndi Newin Chidchob wa Buriram United uja. Timu imakhala ngati chikwangwani cha bwana, bola iye ali ndi chidwi mipira ikugulidwa, mabonasi akutuluka, akangotopa kapena ndale zikatembenuka timu imafota chaka chimodzi. Suphanburi inali ya nambala zapamwamba mu ligi yaikulu zaka khumi zapitazo, mu 2024/25 inali ikupuma movutikira kumchira kwa ligi yachiwiri. Ena amangogulitsa layisensi timu nkusamuka mzinda, masapota nkutsala ndi majezi okha, mmene Air Force United inasandukira Uthai Thani mu 2020. Matimu a maunifomu, amene kwathu tingawafanizire ndi Moyale Barracks kapena Blue Eagles, akhala akutha pang'onopang'ono, Army United inatsekedwa kumapeto a 2019 asilikali ataona kuti ikungodya ndalama.

Ndalama za TV nazo zinawavuta. Mu 2023 mtengo umene makampani ankapereka kuti aonetse ligi yaikulu unagwa moti matimu anachita kukhala pansi kufunafuna njira zawo, ndiye ganizani za a ligi yachiwiri amene amadikira nyenyeswa. Nualphan Lamsam, amene aliyense amamutcha Madam Pang, atasankhidwa mu Febuluwale 2024 kukhala mayi woyamba kutsogolera bungwe la mpira la dzikolo, anapeza mavuto ali tho, ndipo mu 2025 khoti lalikulu linalamula bungwelo kuti lilipire kampani ya Siam Sport ndalama za ku Thailand zokwana 360 miliyoni baht pa mlandu wakale wa ufulu woonetsa magemu. Onjezerani ulendo, dzikoli ndi lalitali, kuchoka ku Chiang Mai kukafika ku Nakhon Si Thammarat kummwera ndi makilomita oposa 1,400, timu yopanda ndalama ya ndege imafika miyendo itatupa. Ku Chiang Mai komweko miyezi ya Febuluwale mpaka Epulo kumakhala utsi wa moto wa m'minda ndi m'nkhalango woti maso amachita kuwawa, ndipo ndi nthawi imene ligi ikufika pokoma. Zogulitsa magemu nawonso zinawakhudza, mu 2017 osewera, marefu ndi akuluakulu ena anatengeredwa ku polisi pa magemu a ligi yaikulu.

Ngakhale zili choncho, mukandifunsa kuti ndingasankhe iti, ndikutenga ya Thailand mosaganiza kawiri, Vietnam yachiwiri chifukwa cholimbikira ana awo, Malaysia kumapeto ngakhale ili ndi masitediyamu okongola ndi timu imodzi yoopsa mu Asia. Chifukwa changa ndi playoff ija. Poti nambala 6 nayo ili ndi mwayi wokwera, ndipo atatu akutsika, mwezi womaliza matimu ambiri mwa 18 aja amakhala akumenyera kanthu, wina akufuna pamwamba, wina akufuna kulowa mu sikisi, wina akuthawa ku Thai League 3. A Malaysia nawo zikuoneka kuti ayamba kutsegula chitseko pang'ono, Melaka itatenga A1 Semi-Pro inalowa mu Super League ya 2025/26, koma polowera pake ndi pa tebulo la layisensi, ndipo malo amene inapeza ndi amodzi mwa omwe anasiya matimu ngati Kedah ndi Perak.