Loya akalakwitsa wilu ku England, amusumire ndani?

Vuto la wilu ndi loti cholakwa chake chimaonekera mwiniwake ali kale m'manda. Amene adalipira loya sangadandaulenso, ndipo otsala, amene aluza, sadapanganepo kanthu ndi loyayo. Kwa ine makhoti a ku England adachita bwino kutseka mpata umenewu.

Mlandu wodziwika ndi wa White v Jones, womwe House of Lords, khoti lalikulu kwambiri panthawiyo, idagamula mu 1995. Bambo wina adayambana ndi ana ake aakazi awiri nkuwachotsa mu wilu. Atagwirizananso, mu July 1986 adalembera maloya ake kuti akonze wilu yatsopano, mwana aliyense alandire £9,000. Ku ofesiko adangoti tichita mawa. Zengerezu adalinda kwawukwawu: bamboyo adamwalira mu September wilu yatsopano isadalembedwe. Majaji atatu mwa asanu adati maloyawo alipire anawo ndalama zomwe akadalandira. Ndiye loya amene walandira malangizo a nkhalamba kapena wodwala asadikire masabata. Ngati munthuyo ali kuchipatala, apite komweko, wilu ilembedwe ngakhale pamanja.

Koma zolakwa zambiri zimachitika pa tebulo posainira. Wills Act ya 1837, lamulo la mawilu, imafuna mboni ziwiri zopezeka nthawi imodzi pamene mwini wilu akusaina. Gawo 15 likuti ngati mboniyo ndi wolandira mphatso, kapena mwamuna kapena mkazi wake, wilu imagwirabe ntchito koma mphatsoyo imagwa. Ndi zomwe zidachitika pa Ross v Caunters mu 1979: maloya adatumiza wilu pa positi osachenjeza kuti mwamuna kapena mkazi wa wolandira mphatso asakhale mboni, mwamuna wa wolandira adasaina ngati mboni, ndipo itabwerera ku ofesi palibe adaona. Pa Marley v Rawlings loya adasinthanitsa mapepala, mwamuna nkusaina wilu ya mkazi, mkazi ya mwamuna. Supreme Court idakonza mu 2014, koma ndalama za mlandu adalipira a inshulansi a loyayo.

Nyumba nayo imapusitsa. Ikakhala ya anthu awiri ngati joint tenants, mmodzi akamwalira yonse imapita kwa wotsalayo, wilu inene zotani. Loya ayenera kufufuza ku Land Registry, ofesi yolembetsa malo ndi nyumba, ndi kupereka notisi yogawa umwiniwo, apo ayi mphatsoyo ndi ya pakamwa chabe.

Amalawi a ku Britain okhala ndi nyumba kumudzi, samalani ndi chiganizo choyamba cha mu wilu chofafaniza mawilu onse akale. Chikalembedwa mosasamala chikhoza kufafaniza ndi wilu yomwe mudalemba ku Malawi. Loya wabwino amafunsa za katundu wakunja. Amafunsanso ngati mukufuna kukwatira, poti ku England ukwati umapha wilu yakale pokhapokha ngati idalembedwa poyembekezera ukwatiwo.

Pogawa chuma cha masiye, msonkho wake uyenera kulipidwa pasanathe miyezi 6 kuchokera kumapeto kwa mwezi womwe munthu wamwalira, kupitirira apo chiwongoladzanja chimayamba. Kugawa chuma musadalengeze mu The Gazette, nyuzipepala ya boma ya zidziwitso, ndi kudikira miyezi iwiri, angongole akatulukira wogawayo akhoza kulipira za m'thumba mwake.

Ena amati solicitor, loya wovomerezeka, ndi wodula, bola olemba mawilu otchipa aja. Apa sindigwirizana nawo. Ku England aliyense akhoza kutsegula bizinesi yolemba mawilu popanda womuyang'anira, pomwe ofesi ya solicitor imakakamizidwa kukhala ndi inshulansi yosachepera £2 miliyoni. Kusumira munthu wopanda kanthu nkutunga madzi ndi dengu.

Nthawi yosumira ndi zaka 6, kapena zaka 3 kuchokera pomwe mwadziwira vutolo, koma osapitirira zaka 15 chichitikire cholakwacho. Ngati mukukayikira momwe wilu idalembedwera, pemphani fayilo yonse kudzera mu kalata yotchedwa Larke v Nugus, muone zomwe loyayo adalemba tsiku lomwe adalandira malangizo.