Phulusa la m'mbaula: kuno timataya, ku Mchinji amasunga

Azakhali anga atabwera kuchokera ku Mchinji anandipeza m'mawa kuno ku Mtendere, mu Lusaka, ndikukhuthulira phulusa la m'mbaula mu ngalande. Anagwira pakamwa. "Iwe mwanawe, ukutaya ndalamatu pamenepo."

Poyamba ndinaseka, koma azakhali sankanama. Mu 2024 madzi atachepa ku damu la magetsi la Kariba, magetsi n'kumasowa tsiku lathunthu, Lusaka yense anagwera pa malasha. Phulusa lonselo linathera kudzala, pamodzi ndi mapulasitiki.

Sikuti ife a ku Zambia phulusa sitilidziwa ayi. Kumpoto, kwa Abemba, kuli chitemene: amuna amakwera m'mitengo n'kusadza nthambi, amayi n'kuziunjika pamalo amodzi, amazitentha mvula ili pafupi, ndipo m'phulusamo amafesamo mawere. Nzeru ilipo. Mvula yambiri ya kumeneko imatsuka nthaka n'kuisiya yowawasa, ndiye phulusa limachepetsa asidi ngati laimu, n'kuwonjezera potaziyamu, kashiamu ndi fosifolasi pang'ono. Vuto n'lakuti kamunda kakang'ono kamadya nkhalango yaikulu, ndipo nkhalangoyo imafuna zaka zambiri kuti iphukirenso. Anthu akachuluka, mitengo siipuma.

Ku Malawi nkhalango yochitira zimenezo ndi yochepa, minda ndi yaing'ono, choncho anzathu amawerengera phulusa la pamafuwa. Azakhali anandionetsa mmene amapangira manyowa a Mbeya: phulusa losefa, gaga, ndowe zouma zosinja ndi feteleza wa m'sitolo pang'ono, kuwazamo madzi mpaka kamtanda kakagwirika m'manja osadontha, kenako kumanga m'thumba lokhala ndi pulasitiki mkati kwa masiku 21. Thumba limodzi la feteleza limabala matumba angapo. Phulusa lotsala amathira kunsonga kwa chimanga, potulukira masamba, pothana ndi ntchemberezandonda, lina amatchezera chidulo cha therere.

Pamenepa ndimatsutsana nawo pang'ono. Phulusa lilibe nayitrojeni, amathawira mu utsi pomwe nkhuni zikuyaka, ndipo ukalichulukitsa pa yuriya limathamangitsanso amene alimo. Kafungo koboola m'mphuno kaja pomasula thumba ndi iyeyo akutsazika. Azakhali akuti zimenezo ndi za m'mabuku, chimanga chawo chimabereka.

Chinanso, Lusaka wakhala pa miyala ya laimu, n'chifukwa chake ku Chilanga kuli simenti. Nthaka yathu m'malo ambiri si yowawasa ngati ya ku Kasama, ndiye wothira phulusa mosaleka pa kabedi kamodzi adzaona masamba akuchita chikasu. Ndipo la m'mbaula yoyatsira ndi mapulasitiki kapena matabwa opaka penti silofunika pa ndiwo.

Pano ndili ndi chidebe chakale cha malita 20 pansi pa denga, poti phulusa likanyowa mphamvu yake imapita ndi madzi. Pa bedi la repu ndimawaza dzanja limodzi basi, n'kulimira. Azakhali ponyamuka anapempha lotsalalo m'thumba, ati akalithire pa nthochi za mlamu wawo ku Chongwe.