Kumukweza mwana pa sikelo si kumuchiritsa

Ndatopa nazo ine, ndipo lero ndilankhula. Wokwiya akwiye.

Mwezi wa March kunabwera kalata kunyumba. Mwana wanga wamkazi ali mu Year 6, ndipo kuno ku England ana a sukulu amawapima kutalika ndi kulemera kawiri, akamayamba ali ndi zaka 4 kapena 5, kenako akafika zaka 10 kapena 11. Anayamba zimenezi mu 2006. Kalatayo inati mwanayo wanenepa mopitirira msinkhu wake. Sindinatsutse. Yunifolomu ndimamugulira ndine. Akamakwera masitepe a fulati yathu ndimamumva ali wefuwefu tisanafike n'komwe pamwamba. Kumbuyo kwa khosi kwada bii, ndakhula ndi sopo mpaka kutopa, osayera. Bambo anga anapita ndi shuga atawadula phazi, ndiye zizindikirozi sindichita kuuzidwa.

Lachitatu lapitali ndinapita naye kwa GP, dokotala wa m'dera lathu. Kuti ndipeze malowo ndinaimba foni 8 koloko m'mawa masiku anayi otsatizana, ndinachita kupempha mnzanga kuti tisinthane shifiti. Tinakhalamo mphindi 10. Adokotala khosi lija sanaliyang'ane, ngakhale ndinachita kukweza tsitsi la mwanayo kuti aone. Anangoti zakudya zathu za ku Africa zimachuluka mafuta ndi sitachi, tichepetse. Sanafunse kuti timadya chiyani. Africa yake iti? Nkhwani wotendera ndi nyemba, kapena usipa wowiritsa ndi tomato? Anandipatsa kapepala kojambulidwa mbale ya pasta, buledi ndi mbatatesi. Nditafunsa zomuyeza magazi ndi zotitumiza kwa katswiri wa zakudya, anati tiyambe taona pakatha miyezi 6.

Mwanayo anamva zonse. Tili m'basi anandifunsa chapansipansi kuti, "Amayi, ndiye kuti nsima ndi yoipa?" Madzulo ake anangoikankha mbale, osadya. Thandizo lomwe tinabwera nalo ndi limeneli: kapepala, ndi mwana wochita manyazi ndi chakudya cha amake.

Chomwe chandiwawa kwambiri ndi ichi. Kuntchito kuli mnzanga wina, mzungu, munthu wabwinobwino, mwana wake wamwamuna analandira kalata yonga yathuyi. Iye atapita kwa dokotala wake, mwanayo anamutenga magazi sabata yomweyo, pano akuonana ndi katswiri wa zakudya. Sindikumuchitira nsanje, mwana wakeyo akufunikadi thandizo. Koma akuluakulu anati mwana wa mwini ndi samba m'manja, wako ndi kazingodya. Athufe akungouzidwa kusamba m'manja, nsima ikutha.

Akuluakulu a zaumoyo asanene kuti sakudziwa. Akudziwa bwino lomwe, chifukwa owerenga ana ndi iwo omwe. Ziwerengero zawo zikuonetsa kuti mu Year 6 mwana mmodzi mwa 5 aliwonse, kuposerapo pang'ono, ndi wonenepa kwambiri, koma pakati pa ana achikuda ndi pafupifupi 3 mwa 10 aliwonse. M'madera osauka vutoli ndi lowirikiza kawiri poyerekeza ndi m'madera a anthu opeza bwino, ndipo ambirife tikukhala kuti? Akudziwanso kuti kwa ife anthu akuda, komanso amwenye, chiopsezo cha shuga chimayamba kukwera munthu ali ndi zaka 25, pomwe kwa azungu amati 40. Ndiye mwana amene ali pafupi ndi phompho ndi amene mukumuuza kuti adikire miyezi 6? Kuwerenga mukuwerenga, chaka ndi chaka mukulemba malipoti, koma kuwerenga odwala si kuwapatsa mankhwala. Sikelo sichiza. Kalata sichiza.

Thandizo lenileni lilipo, musaganize kuti palibe. Kuyambira 2021 NHS, nthambi ya boma yoyendetsa zipatala kuno, inatsegula zipatala zapadera za ana amene kunenepa kwawabweretsera matenda ena, komwe mwana amaonedwa ndi dokotala wa ana, katswiri wa zakudya ndi wa zamaganizo pamodzi. Koma kumeneko sumangodzuka n'kupita. Umalowa ndi kalata ya dokotala. Ndiye ngati woyenera kulemba kalatayo wayang'ana nkhope yako n'kuganiza kale kuti vuto ndi mphika wako, ulowera pati? Nyumba yamangidwa, khomo lilipo, kiyi ali ndi munthu amene sanafune n'komwe kuona khosi la mwana wanga.

Pa kapepala kaja panali nambala ya maphunziro a makolo ndi ana. Ndinaimba. Amakumana Lachiwiri 4 koloko masana, tsidya lina la tauni, mabasi awiri. Ine ndimasamalira okalamba, ndimalowa 8 m'mawa, kuweruka 8 usiku. Amayi anzanga a ku Malawi, ku Zimbabwe, ku Nigeria, a ku Ghana, tonse tili m'mashifiti omwewa, kusambitsa ndi kudyetsa makolo a eni dziko. Anaika nthawi imeneyo akuganizira mayi uti? Mawa adzalemba kuti mabanja a anthu akuda safuna kubwera ku maphunziro. Sitikukana ife. Mwaika chakudya pa denga, kenako mukudabwa kuti sitikudya.

Ena akuti makhonsolo anawadulira ndalama, ena akuti madokotala achepa, ndamva zonsezo. Koma kuchepa kwa ndalama sikuletsa munthu kufunsa mayi kuti kunyumba mumaphika chiyani. Funso silifuna bajeti. Akanandifunsa ndikanawauza zoona: vuto si nsima. Vuto ndi 4 koloko mwana akaweruka ine kulibe, ndipo kuchokera pa geti ya sukulu kufika pakhomo pathu pali mashopu asanu a nkhuku ndi tchipisi, bokosi lodzadza mapaundi atatu. Vuto ndi miyezi yozizira pomwe kunja kumada ana asanavule n'komwe yunifolomu, paki yapafupi ilibe magetsi, mwana n'kungokhala pa foni. Akanandithandiza pamenepo. Akanandiuza kuti nsima ikhale yaikulu bwanji pa mbale ya mwana wa zaka 11, ndiwo zamasamba zichuluke bwanji. Zimenezo ndikanazigwira ndi manja awiri. Mmera mpoyamba, ndipo miyezi 6 kwa mwana amene akukula si masewera.

Lolemba ndibwererako, ndikapempha dokotala wina, ndipo sindikatuluka m'chipindamo asanalembe zomuyeza magazi. Amayi anzanga, kalata ija ikabwera musaibise pansi pa matiresi chifukwa cha manyazi. Pitani nayo, kaumirireni, funsani dzina la chipatala chomwe angakutumizeni, muwauze alembe mu fayilo kuti mwapempha.

Nanunso abale anga mwandikwana. Mwana akaonekera pa vidiyo ya WhatsApp, azakhali kumudzi ali m'manja, "Eee, wanenepa bwino, UK yamuyanja!" Kutchalitchi kuno tikatha mapemphero, patebulo pali Fanta, mandasi, samusa ndi nkhuku yokazinga, wina n'kumamuwonjezera mwanayo mbale yachiwiri ine ndikuona. Ndikati basi wakhuta, akuti ndayamba chizungu, ndikumana mwana chakudya. Mayi wina Lamlungu lapitali anachita kumulowetsa botolo m'chikwama ine nditatembenuka. Inu mudzakhalapo tsiku lomwe adzayambe kudzibaya jakisoni wa shuga?