Nkhaniyi musaiwale za zipewa ndi atsikana

Atolankhani mwalemba bwino kuti akabaza athandiza amayi oyembekezera kufika msanga ku chipatala, ndi zoona, kwathu ku Ntcheu kale tinkanyamula wodwala pa ngolo kapena pa machira. Koma mwasiya nkhani ya ngozi, anyamatawa ambiri alibe laisensi, chipewa chimakhala chimodzi cha woyendetsa yekha, nthawi zina anthu atatu pa njinga imodzi ndi thumba la chimanga pamwamba. Mchimwene wanga anathyoka mwendo mpaka pano akuyendera ndodo. Komanso atsikana a sukulu akunyengedwa ndi ma lifiti aulere, mimba zikuchuluka, makolo tikungoyang'ana. Inu anzanga a kumudzi kodi kwanuko zikusiyana? Mafumu aziyitana anyamatawa pabwalo akambirane nawo.