Mwagulitsa wabwino, woola ndiye mukuti mbewu?

Loweruka lapitali ndinapita kukaona dimba la mwana wa mlongo wanga, ndipo mpaka lero mtima sunakhale pansi. Ndinapeza wayanika njere za tsabola pamphasa, zina zakudakuda, zina zofwapa ngati mankhusu. Nditafunsa kumene wazitenga, anayankha akumwetulira: "Amalume, ndi tsabola uja ogula anamukana uja. Ndinati asapite pachabe." Ndinatola mmodzi pamulu wa makoko. Thupi lonse tinkhanambo totukuka ngati njerewere. Ameneyo ndiye kholo la munda wa chaka chamawa!

Kodi anthu inu mutu ukugwira? Mbuzi yodwala mumaisiya kuti ikhale ya mbewu, yonenepa n'kupita nayo kumsika? Nanga bwanji tsabola? Wogula wamukana ndi maso okha, inu mukumulandira ndi manja awiri n'kumusungira m'chitini.

Madontho amenewo si dzuwa, si feteleza wochepa, ndipo musanamizire mnzanu woyandikana naye munda kuti wakupondani. Ndi mabakiteriya, alangizi amawatchula kuti Xanthomonas. Amakakamira pakhungu la njere, ena amalowa mkati, n'kugona m'chitini mwanumo miyezi yambirimbiri osafa. Mukafesa, njere zina sizimera n'komwe. Zomerazo ndiye mbola yeniyeni. Mbande imodzi yodwala pabedi, inu ndi kheni yanu kuthirira pamwamba m'mawa ndi madzulo, madzi akuthovukira apa ndi apo, sabata ziwiri nazale yonse yayamba timadontho tonyowa kunsi kwa masamba. Mumaziona bwinobwino. Koma mumazulabe mbandezo kukawokera, zotsala n'kugulitsa m'mbali mwa msewu, kugawira mudzi wonse tsoka lanu. Manyazi mulibe?

Ikabwera mvula ya Januwale ndi kutentha kwake, masamba achita chikasu, ayoyoka, mitengo yatsala mbulanda, tsabola akupsa ndi dzuwa asanakhwime. Apo ndiye mumathamangira kusitolo kukagula Dithane, mankhwala a chiwawu, kupopera mpaka msana kuwawa. Ndani anakuuzani kuti mankhwala alionse amachiza nthenda iliyonse? Ngakhale a kopa amene amangochedwetsa kufala kwake, sadzutsa tsamba lomwe lagwa kale.

Ndipo onani zina zomwe mukuchita. Kulowa m'munda mame ali tho, kugwira mtengo uwu, kugwira uwo, manja omwewo. Kusiya mapesi odwala akuolera pamzere. Kuzula tsabola n'kubzala tomato pomwepo, ngati simudziwa kuti awiriwa ndi pachibale ndipo amadwala nthenda imodzi. Kupumitsa malowo zaka 2 kapena 3 ndi chimanga kaya nyemba mukuti n'kutaya nthawi. Kugula njere za m'kajumbo kopanda dzina pa tsiku la msika, chifukwa zatsika mtengo. Anaziyeza ndani? Ku Chitedze, malo a kafukufuku wa zaulimi ku Lilongwe, kuli anthu amene ntchito yawo ndi kuyeza mbewu, inu mukukhulupirira mnyamata woti mawa simumupezanso.

Sindikuletsa kusunga mbewu, nanenso kambuzi wanga ndimasunga ndekha. Koma ndimasankha mtengo usanakololedwe, wamasamba oyera, m'munda mopanda dontho. Wokayika aviike njere m'madzi otentha madigiri 51 kwa mphindi 30, choyezera kutentha chili m'manja, mlangizi ali pambali. Osati zomwe anachita mkulu wina kwathu kuno, kumva theka la nkhani n'kukhuthulira njere m'madzi obwadamuka. Anaphika ndiwo, palibe inamera.

Mphwangayo nditamuuza zonsezi anangoti, "Amalume, tsabola wakale sawawa." Chabwino. Wakale ameneyu sanayambe wagulako tsabola wothira m'ndiwo, pamene iwe chaka chatha unabwera kudzapempha kwa ine.

Katayeni zinyalala zanuzo pamoto, musatiwonongere minda.