Kiyi wa selo ya Mandela sangakhale katundu wa pa okushoni

Nkhani ina imene ndawerenga ikuyamikira anthu ogula zinthu zakale pa okushoni, akuti ndiwo amaziteteza kuti zisatayike. Mbali ina ndikuvomereza. Chisoti cha Napoleon, mfumu yakale ya ku France, chimene chinagulidwa ku Fontainebleau m'dzikolo mu 2023 pa mtengo wa ma euro pafupifupi 1.9 miliyoni sichindipweteka mtima, chifukwa anali ndi zisoti zambiri ndipo zina zili m'nyumba zosungiramo zinthu zakale.

Koma alembi a nkhaniyo, mwaiwala za kiyi wa ku Robben Island, chilumba cha ku South Africa chimene chinali ndende. Kampani ya Guernsey's ya ku New York inkafuna kugulitsa mu Januwale 2022 kiyi wa selo ya Nelson Mandela, wochokera kwa Christo Brand yemwe ankalondera akaidi pachilumbapo. Mandela anakhala kumeneko zaka 18 mwa zaka 27 zimene anakhala m'ndende. Boma la South Africa, kudzera mwa Nathi Mthethwa yemwe anali nduna ya zachikhalidwe panthawiyo, linakana kwamtuwagalu, malondawo n'kuimitsidwa. Ine ndikuti linachita bwino kwambiri. Kiyi ameneyu ankatsekera munthu chifukwa chomenyera ufulu wa anthu ake. Mbiri yotereyi mwini wake ndi fuko lonse, ngakhale chitsulocho chinali m'manja mwa munthu mmodzi.

Chimene chimandiwawa n'choti pa okushoni amapambana ndi wa thumba lalikulu basi, ndipo nthawi zambiri dzina lake silitchulidwa n'komwe. Chinthu chikalowa m'nyumba yake, mwana wasukulu wa ku Soweto kapena ku Qunu, kwawo kwa Mandela, adzachionera kuti?