MH370 ija inagwa yokha kapena munthu anaitsitsa pamadzi?

Abale, nkhani ya ndege yosowa ija ya MH370 yayambiranso pa gulu lathu la WhatsApp ndipo anthu ena akulankhula ngati anali mu cockpit momwemo.

Zomwe tonse tikudziwa ndi zoti Boeing 777 ya Malaysia Airlines inanyamuka ku Kuala Lumpur pa 8 March 2014 kupita ku Beijing, muli anthu 239. Ola lisanakwane transponda (kachipangizo kouza oyang'anira ndege pansi pomwe ndege ili) inazima, radar ya asilikali inaiona itakhota njira, kenako setilaiti ya Inmarsat inakhala ikuimva kwa maola angapo mpaka kummwera kwa Indian Ocean. Mkangano uli pa mphindi zomaliza zija.

Larry Vance wa ku Canada uja, yemwe anagwirapo ntchito yofufuza ngozi za ndege, amati munthu anali pachiwongolero mpaka kumapeto n'kuikhazika pamadzi mwadala. Ine izi ayi ndithu. Chidutswa cha phiko chomwe chinapezeka pa chilumba cha Pemba ku Tanzania mu 2016, a ATSB, bungwe la ku Australia lofufuza ngozi za ndege, atachiyeza anapeza kuti flap (mbali yakumbuyo kwa phiko yomwe imatambasuka potera) inali yosatambasula, pomwe payiloti ofuna kutera pamadzi bwinobwino amatambasula ma flap kuti liwiro lichepe, nanga iyeyu akanawasiyiranji otseka? Komanso siginolo yomaliza ya setilaiti ikusonyeza ndege ikutsika mwa spidi yoopsa mafuta atatha. Kwa ine ndegeyi inagwa yopanda oyiwongolera. Zidutswa zina zinakafika mpaka kugombe la Mozambique kuno, zambiri ndi zing'onozing'ono.

Ndikudziwa mubwera ndi nkhani ya simyuleta (kompyuta yoyeserera kuyendetsa ndege) ya kunyumba kwa kaputeni wa ndegeyi, Zaharie, yomwe inali ndi njira yolowera ku Indian Ocean. Inde zimakayikitsa, sindikukana. Koma lipoti la boma la Malaysia la 2018 silinathe kunena chomwe chinachititsa, ndiye ife tili pa foni tingamugamule bwanji munthu yemwe sangadziyankhire, ali ndi ana ake omwe akuwerenga zimenezi?

Ife a Malawi tinadikira tsiku limodzi lokha mu June 2024 ndege ya a Chilima isanapezeke ku Chikangawa, mukukumbuka mmene mitima inalili usiku umene uja. Mabanja a anthu a mu MH370 adikira kupitirira zaka 10. Anafufuza masikweya kilomita 120,000 pansi pa nyanja osaipeza, kampani yofufuza pansi pa nyanja ya Ocean Infinity inayesanso mu 2018 zinakanika. Asasiye, apeze black box (kabokosi kojambula zochitika mu ndege) kaye ndiye tidzaloze chala.